Malasha, nyukiliya ndi dzuwa: tiwaphunzitse ana athu kuika zinthu pa sikelo



Mwana aliyense wa Fomu 3 kapena Fomu 4 angathe kutchula mitundu ya mphamvu osayang'ana m'kope. Adzakuuzani kuti pali malasha, mafuta ndi gasi, zimene zimakumbidwa pansi ndipo tsiku lina zidzatha. Adzatchula nyukiliya n'kuwonjezera kuti ndi yoopsa. Kenako adzatchula dzuwa, mphepo ndi madzi, zimene sizitha. Pa mayeso mndandanda umenewu umabweretsa malikisi. Koma mukamufunsa kuti mwa magulu atatuwa dziko lapansi likudalira kwambiri liti lero, nanga pa mlingo wanji, ambiri amangozyolika. Ena amayankha kuti dzuwa, poti ndi limene amaliona pa madenga a anthu ndi kulimva kawirikawiri pa wailesi.

Maganizo athu ife aphunzitsi ndi akuti phunziroli likufunika manambala ndi sikelo. Mwana amene wangoloweza kuti ichi n'chabwino, icho n'choipa, sachedwa kupusitsidwa. Wogulitsa sola adzamuuza zake, wandale adzamuuza zake, mwini mgodi adzamuuzanso zake, ndipo iye adzasowa poyezera. Tikufuna mwana amene akamva nkhani ya mphamvu azifunsa mafunso atatu: n'zochuluka bwanji, zikupezeka nthawi yanji, ndipo akulipira mtengo wake ndani?

Chithunzi cha dziko lonse

Tiyambe ndi nambala imene mwana aliyense ayenera kutuluka nayo pasukulu pano. Tikasonkhanitsa mphamvu zonse zimene anthu padziko lapansi amagwiritsa ntchito, zoyendetsera galimoto, sitima ndi ndege, zophikira, zofunditsira nyumba m'mayiko ozizira, zosungunulira zitsulo ndi zopangira magetsi, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse amachokera ku malasha, mafuta ndi gasi. Nyukiliya sipitirira magawo 5. Otsalawo ndi a madzi, nkhuni ndi zomera zina, mphepo, dzuwa ndi nthunzi ya pansi pa nthaka. Mafuta okha, dziko limagwiritsa ntchito migolo pafupifupi 100 miliyoni tsiku lililonse, ndipo mgolo umodzi ndi malita 159.

Apa pali msampha wina umene chilankhulo chathu chimatitchera. Timakonda kunena kuti "mphamvu ya magetsi", ndiye mwana amakula akuganiza kuti mphamvu ndi magetsi n'chinthu chimodzi. Si choncho ayi. Magetsi ndi gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a mphamvu zimene anthu amagwiritsa ntchito. Lole yonyamula chimanga imamwa dizilo. Simenti amapangidwa pa moto waukulu umene nthawi zambiri ndi wa malasha. Feteleza wa urea amene timathira m'munda amapangidwa kuchokera ku gasi. Dziko lingathe kukhala ndi magetsi a madzi okhaokha, koma mafuta a kunja akasowa, minibasi zimaima ndithu.

Tikayang'ana magetsi paokha, chithunzi chimasintha. Mu 2024 malasha anapanga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi onse a padziko, gasi magawo opitirira pang'ono 20 pa 100, madzi pafupifupi 14, nyukiliya 9, mphepo 8 ndipo dzuwa 7. Zaka 20 zapitazo magetsi a dzuwa anali ochepa kwambiri moti sankaoneka n'komwe pa chiwerengero cha dziko lonse. Mitengo ya mapanelo inatsika ndi pafupifupi magawo 90 pa 100 pakati pa 2010 ndi 2020, n'chifukwa chake lero timawapeza ngakhale m'misika ya kumudzi.

Ndiye pali zoona ziwiri zimene mwana ayenera kugwira pamodzi. Dzuwa ndi mphepo zikukula mofulumira kwambiri. Komanso dziko silinasiye malasha ndi mafuta, chifukwa anthu akuchuluka ndipo njala ya mphamvu ikukulirakulira. Dziko la China ndi chitsanzo chabwino. Limatentha malasha opitirira theka la malasha onse a padziko lapansi, koma ndi lomwelonso limene limapanga mapanelo ambiri a sola ndi kuwaika kuposa dziko lina lililonse. Amene wangomva mbali imodzi adzati China ndi woononga, wina adzati China ndi mpulumutsi. Onse awiri agwira nkhani ya theka.

Walira mvula walira matope

Chachiwiri chimene tikufuna ana amvetse n'chakuti palibe gwero la mphamvu lopanda matope ake.

Malasha, mafuta ndi gasi zili ndi ubwino umene sitiyenera kuwabisira ana. Zimasungika, zimanyamulika, ndipo zimayaka nthawi iliyonse imene wazifuna, usana kapena usiku. Mayiko onse olemera anakwerera pamenepa. Britain inayatsa siteshoni yake yoyamba ya magetsi a malasha mu mzinda wa London mu 1882, ndipo yomaliza inaitseka mu September 2024, patatha zaka 142. Koma utsi wake umadwalitsa mapapo, ndipo mpweya wa kaboni umene umatuluka umaunjikana mumlengalenga n'kumasunga kutentha. Uku ndiye kusintha kwa nyengo kumene asayansi akunena. South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, imapezabe pafupifupi magawo 80 pa 100 a magetsi ake kuchokera ku malasha.

Nyukiliya imagwira ntchito pong'amba timaatomu ta uranium. Kutentha kumene kumatuluka kumawiritsa madzi, nthunzi n'kuzungulitsa makina, monga zimachitikira pa siteshoni ya malasha, koma popanda utsi. Siteshoni imodzi imapereka magetsi ambiri usana ndi usiku pa malo ochepa. Matope ake ndi atatu: kumanga n'kodula ndipo kumatenga zaka zambiri, zinyalala zake zimakhala zoopsa kwa zaka masauzande, ndipo ngozi ikachitika imakhala yaikulu. Ku Chernobyl mu 1986 ndi ku Fukushima mu 2011, anthu opitirira 100,000 anasamutsidwa m'nyumba zawo pa ngozi iliyonse. Komabe ofufuza akawerenga imfa poyerekeza ndi kuchuluka kwa magetsi opangidwa, amapeza kuti malasha apha anthu ambiri kuposa nyukiliya, kudzera mu utsi ndi ngozi za m'migodi. Kungoti imfa za utsi zimabwera mwakachetechete, sizimveka pa nkhani za pa wailesi.

Mayiko anasankha mosiyana pa nkhaniyi, ndipo mwana aone kuti anthu anzeru angathe kusiyana maganizo. France imapeza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a magetsi ake ku nyukiliya. Germany, yoyandikana nayo, inatseka masiteshoni ake atatu omaliza mu April 2023. United Arab Emirates, dziko lokhala ndi mafuta ake, linamanga siteshoni ya Barakah imene ikupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a magetsi a dzikolo. Mu Africa muno siteshoni yokhayo imene ikugwira ntchito ndi ya Koeberg, pafupi ndi Cape Town, yomwe inayamba mu 1984, ndipo Egypt ikumanga ina ku El Dabaa.

Nanga dzuwa, mphepo ndi madzi? Izi sizitulutsa utsi ndipo palibe amene amatitumizira bilu ya dzuwa. Kenya yatisonyeza kuti n'zotheka: magetsi ake ambiri amachokera ku nthunzi ya pansi pa nthaka ku Olkaria, ku madzi, ndi ku mphepo ya ku nyanja ya Turkana. Koma dzuwa limalowa, mphepo imaleka, ndipo mitsinje imaphwa. Pa chilala cha 2024 madzi anatsika kwambiri m'damu la Kariba, abale athu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe n'kumakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi. Pomanga damu lomweli kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Atonga pafupifupi 57,000 anachotsedwa pa malo a makolo awo m'chigwa cha Zambezi. Mabatire ambiri a m'mafoni ndi a galimoto za magetsi amafuna mwala wa cobalt, ndipo pafupifupi magawo 70 pa 100 a mwalawu amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, kumene m'migodi ina ing'onoing'ono mwapezeka ana akugwira ntchito. Chinthu chikatchedwa "choyera", mwana afunsebe kuti matope ake agwera pakhomo pa yani.

Nkhaniyi imadutsa pakhomo pathu

Wina anganene kuti zonsezi ndi nkhani za kutali. Koma magulu atatu onsewa ali m'dziko mwathu muno.

Malasha amakumbidwa ku Mchenga, m'boma la Rumphi. Sitima zazitali zimene zimadutsa ku Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi zimanyamula malasha a ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kupita nawo ku doko la Nacala kuti akakwere sitima za pamadzi. Ana amaziwerenga mabogi, koma ndi angati amene amadziwa kumene malashawo akupita ndi chimene akukachita? Petulo ndi dizilo wathu yense amachokera kunja kudzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ndipo amagulidwa ndi madola. Ndalama zakunja zikachepa, mizere imayamba pa malo omwetsera mafuta, mtengo wa kabaza wa njinga yamoto n'kukwera. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, gasi anakwera mtengo pa msika wa dziko lonse, ndipo mlimi anazimva pa thumba la feteleza.

Uranium nayenso tili naye. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 ndipo unaima mu 2014, mtengo wa uranium utagwa pambuyo pa ngozi ya ku Fukushima. Taonani mmene zinthu zalumikizirana: chivomerezi ndi mafunde ku Japan zinathandiza kuchotsa anthu ntchito ku Karonga. Uranium wa kumeneko ankapita kukayatsa magetsi m'mayiko ena, pamene midzi yambiri ya kwathu inali mu mdima.

Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi. Tonse tikukumbukira kuthimathima kwa magetsi kumene kunatsatira kwa nthawi yopitirira chaka. Masiteshoni a dzuwa alipo tsopano: wa mamegawati 60 ku Salima, umene unatsegulidwa mu 2021, ndi wa mamegawati 20 ku Golomoti m'boma la Dedza, umene uli ndi mabatire. N'zoyamikika. Koma mwana adziwe kuti mamegawati 60 a dzuwa si ofanana ndi mamegawati 60 a madzi, chifukwa nthawi imene mabanja amayatsa nyale ndi kuphika chakudya chamadzulo, Maghrib itadutsa, dzuwa limakhala litalowa kale.

Ndipo gwero lalikulu kwambiri la mphamvu m'Malawi si magetsi kapena petulo. Ndi nkhuni ndi makala, zimene mabanja opitirira 90 pa 100 alionse amaphikira. M'buku nkhuni zimaikidwa m'gulu la mphamvu zosatha, poti mtengo umaphukanso. Koma zimakhala zosatha pokhapokha ngati tikubzala mofanana ndi mmene tikudulira, ndipo mapiri athu akuchitira umboni kuti sitikutero. Mapiri akayera, mvula imakokolola dothi kupita nalo mu Shire, matope n'kudzaza pa malo opangira magetsi. Magetsi akathima, wa m'tauni amagula thumba lina la makala, mitengo ina n'kugwanso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse. Amene amaupuma kwambiri ndi amayi athu ndi ana amene ali kumsana.

Zimene ena anganene

Makolo ena adzati nthawi ndi yochepa, mayeso a MSCE ali pafupi, ana angophunzira zimene zidzabwere pa pepala. Nkhawa imeneyi tikuimvetsa, pakuti fizi sichokera m'madzi. Koma zimene tikunenazi zili kale m'maphunziro a Jogalafe, Fizikisi, Ulimi ndi Masamu. Mwana amene wamvetsa chifukwa chake sola sangaphike nyemba adzayankha bwino funso la pa mayeso kuposa amene wangoloweza. Ndipo ntchito za mawa zili komweku: oika ndi kukonza sola, amisiri a magetsi, mainjiniya, ogwira ntchito m'migodi, oyeza madzi ndi nthaka. Ana athu aakazi ndi aamuna asadzakhale ongoonerera pamene anzawo akuzitenga.

Ena adzati Africa yonse imatulutsa mpweya wa kaboni wosakwana magawo 4 pa 100 a dziko lonse, ndiye bwanji tizivutitsa ana ndi mlandu wa ena? N'zoona, ndipo mwana ayenera kuidziwa nambala imeneyi bwinobwino kuti asadzanyamule mlandu umene si wake. Adziwenso kuti anthu pafupifupi 600 miliyoni mu Africa alibe magetsi. Vuto lathu loyamba ndi kuchepa kwa mphamvu. Koma namondwe safunsa kuti anatulutsa utsi ndani. Freddy atafika mu March 2023 anakokolola anthu ndi nyumba ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Mtsogolomu dziko lathu lidzayenera kusankha ngati limange siteshoni yaikulu ya malasha, ngati liwonjezere madamu pa Shire, ngati lidalire magetsi ogula kwa oyandikana nawo, ndi zimene lizipempha kwa okumba miyala yathu. Amene adzavote ndi kusaina mapangano amenewa ndi ana ali m'kalasi lerowa.

Mwina wina afunsanso kuti nkhani ya malasha ikutani m'kamwa mwa aphunzitsi a maphunziro a Chisilamu. Ku madrasa timaphunzitsa ana kuti munthu ndi khalifa, wosungitsidwa dziko, ndipo adzafunsidwa za mmene anasungira. Timawaphunzitsa kuti israaf, kuononga zinthu mopyola muyeso, n'koletsedwa ngakhale pa madzi a wudhu. Timawaphunzitsa kuyeza mwachilungamo pa sikelo ndi kufufuza nkhani asanaifalitse. Wosunga chinthu ayenera kudziwa kuchuluka kwa chimene wasungitsidwa. Mwana amene amatseka mpopi pochita wudhu koma sadziwa kuti madziwo anakwezedwa mu thanki ndi pampu ya magetsi wangomva theka la phunziro.

Chimene tikupempha

Kwa aphunzitsi anzathu: tiyambire pa chinthu chimene mwana angachigwire. Yuniti imodzi imene timagula pa mita ndi mphamvu imene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Babu la LED la mawati 10 liyenera kuyaka maola 100 kuti limalize yuniti imodzi. Mbaula ya magetsi ya mawati 1,000 imaimaliza pa ola limodzi. Panelo ya sola ya mawati 100, pa tsiku la dzuwa labwino, imapereka pafupifupi theka la yuniti. Mwana akawerengera yekha zimenezi amaona chifukwa chake panelo ya pakhomo imayatsa mababu ndi kutchaja foni koma singaphike nsima ya banja lonse. Akamvetsa za pakhomo, manambala a China ndi France sadzamuopsanso. Kalasi iliyonse ikhale ndi mlungu wake wowerenga mita ya sukulu m'mawa ndi madzulo n'kulemba pa bolodi. Kamodzi pa teremu pakhale mtsutso, pamene gulu lililonse lipatsidwe gwero limodzi la mphamvu ndipo likakamizidwe kunena ubwino ndi matope ake omwe, ndi manambala.

Kwa makolo: mwana akabwera ndi mafunso, musamuone ngati wachipongwe. Muuzeni kuti thumba la makala limatha masiku angati, mayunitsi a mwezi ndi angati, palafini kapena mabatire a tochi amadya ndalama zingati. Muloleni ayerekeze nkhuni zimene mafuwa atatu amadya ndi zimene mbaula ya chitetezo imadya pophika mphika womwewo. Khitchini yanu ndi labotale yokwanira, ndipo agogo amene akukumbukira kumene nkhalango inkalekezera ndi aphunzitsi amene ife tilibe m'kalasi.

Kwa akuluakulu a komiti: nthawi ina mukadzakambirana zogula sola, batire kapena jenereta ya pa mzikiti kapena pasukulu, itanani ana awiri kapena atatu a Fomu 4 adzakhale nawo. Awerengere kuti zokuzira mawu, mababu ndi pampu zimadya mawati angati ndipo zimayaka maola angati kuyambira Fajr mpaka Isha. Anene kukula kwa panelo ndi batire zimene zikufunika, ndi zaka zimene batire lidzakhale lisanafune lina. Mudzagula mwanzeru, ndipo iwo adzaona kuti masamu awo ali ndi ntchito pakati pa anthu awo.

Kwa inu ana athu: mukamva munthu akunena kuti dziko lasiya malasha, kapena kuti sola ndi chidole, kapena kuti nyukiliya ndi bomba basi, musamukane msanga ndipo musamuvomere msanga. Mufunseni mwaulemu kuti akunena za magetsi okha kapena za mphamvu zonse, za dziko liti, ndi za chaka chiti. Safunsa anadya phula.

Teremu ikubwerayi, Insha Allah, tiyamba ndi kuwerenga mita. Kholo lililonse limene limagwira ntchito ya magetsi, ya sola, ya zamafuta kapena ya nkhalango, ndipo lingathe kupatula ola limodzi kudzacheza ndi ana, lionane ndi a hedi ku ofesi.